Kodi Boma Liri ndi Mau pa Mbale Yathu?

Pali funso limene anthu ayamba kufunsana masiku ano m'midzi ndi m'mizinda momwe, ndipo ife tayesa kuti nkwabwino kulilingalira pamodzi ndi owerenga athu mwezi uno. Funso lache ndi ili: munthu akadwala nthenda imene sanaitenge kwa mnzache, nthenda yochokera m'zakudya zache, m'zakumwa zache ndi m'makhalidwe ache, mlandu uli pa yani? Kodi uli pa iye yekha, kapena ulinso pa mudzi ndi pa Boma? Ndipo Boma likaika lamulo pa mchere, pa shuga, pa mowa ndi pa fodya, kodi lichita bwino, kapena lingolowa m'nyumba ya mwini osaodira?

Pa nthenda zimene makolo athu anazidziwa palibe wotsutsa. Kolera akagwa m'mudzi, alangizi a zaumoyo amatseka chitsime, naletsa kuphika pamaliro, ndipo anthu amabvomera, pakuti ali yense aona kuti nthenda ya mmodzi ikhoza kutha mudzi wonse. Nthomba, imene inasiya zipsera pankhope za agogo athu, inatha pa dziko lonse chifukwa cha katemera, ndipo m'chaka cha 1980 kunalengezedwa kuti yatheratu. Koma ziripo nthenda zina zimene madotolo azitcha zosapatsirana: kuthamanga kwa magazi, shuga, khansa, nthenda za mtima ndi za impso. Zimenezi sizilumpha mpanda kupita kwa mnansi. Zimalowa pang'onopang'ono, ndipo zikalowa zimakhala ndi munthu zaka zambiri, chifukwa chache tizitcha za mgonagona. Pamenepa ndipo munthu amanena kuti, Thupi ndi langa, mbale ndi yanga, ndalama ndinaikhetsera thukuta ndekha. Nanga Boma lifunanji kwa ine?

Tisanayankhe, tione kukula kwache kwa bvutoli. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse lotchedwa WHO, unayeza anthu oposa 5,000 a zaka 25 kufikira 64 m'dziko muno. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu ali onse magazi ache anali kuthamanga kopitirira muyeso, ndi kuti anthu 5 kapena 6 mwa 100 anali ndi shuga wochuluka m'magazi. Chodetsa nkhawa koposa nchakuti mwa iwo a magazi othamanga, oposa 9 mwa 10 sanadziwa konse kuti akudwala. Nthendayi siitentha thupi, siitupitsa chilonda. Munthu amalima, amaseka, amabvina, kufikira tsiku limene mtsempha wa m'ubongo utsekeka kapena kuphulika, ndipo agwa, nafa mbali imodzi, pakamwa nkupotoka. Pakati pa 2013 ndi 2016 anthu ena ofufuza anayezanso anthu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mu Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga. Mwa akazi a mumzinda, 44 mwa 100 anali onenepa kopitirira muyeso; mwa akazi a kumudzi, 27 mwa 100. Tsono tisadzinyenge kuti nkhani iyi ndi ya m'tauni mokha.

Ambiri a ife timati izi ndi nthenda za mabwana. Tiyeni tsono tipite kumene kukhala mabwanawo. Mu Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, muli malo otchedwa Area 15, a nyumba zotalikirana, za mipanda ya njerwa ndi mitengo ya mthunzi. Pachipata cha nyumba yotere pamadutsa anthu awiri m'mawa uli wonse. Wina ndiye mwini nyumba, amene atuluka pa galimoto kunka ku ofesi ku Capital Hill kapena ku City Centre, nakhala pampando kufikira madzulo, nadya nyama yonona, namwa zotsekemera za m'botolo. Wina ndiye mlonda kapena wosamalira maluwa, mwana wa kumudzi kwathu, amene wayenda pansi kuchokera ku Mtandire kapena ku Chinsapo. Iyeyu alibe nthawi ya kuphika nyemba, ndipo makala ngodula; chifukwa chache masana agula mandasi kapena tchipisi wa pachiwaya wowazidwa mchere, natsitsira ndi madzi a shuga, pakuti zimenezo nzimene ndalama yache ifikira. Onse awiri ali panjira imodzi, angakhale wina ayenda pa galimoto, wina pansi.

Kusiyana kwao kuoneka pa tsiku la kudwala. Mwini nyumba apita kwa dotolo wolipira, ayezedwa, agula mankhwala mwezi ndi mwezi, nakhala ndi moyo. Mlonda uja samayezedwa. Akagwa, nchito yatha, ndipo abale amnyamula kumka naye kumudzi. Kumeneko mai wache wokalamba, kapena mlongo wache, ndiye amtembenuza pamphasa, namsambitsa, namdyetsa phala, munda uli kumera udzu. Taonani, abale, nthenda yagwira munthu mumzinda, koma yasenzetsa katundu mudzi. Chifukwa chache funso ili ndi lathu ndithu, ife a kumidzi.

Tsono timve bwino mau a iwo okana kuti Boma lilowerere, pakuti m'mau ao muli nzeru. Iwo akuti munthu wamkulu si mwana. Adziwa yekha chimene chimkomera. Akutinso Boma lowerenga masipuni a shuga m'kapu ya munthu mawa lidzawerenga ndi zina zomwe. Ndipo akumbutsa za malamulo a malimidwe m'zaka za m'ma 1950, pamene Boma la Atsamunda linakakamiza anthu kuunda mizere ndi migula monga linafunira, nililipitsa ndi kumanga okana. Cholinga chinali chosunga nthaka, koma popeza chinadza ndi chikoti ndi chipongwe, anthu anadana nacho, ndipo ena anadana ndi mizere yomwe. Phunziro limeneli nloona, ndipo tisaliiwale: chinthu chabwino chikadza monyoza anthu chimasanduka choipa m'maso mwao.

Koma ife tiri ndi mayankho atatu.

Loyamba ndi ili: palibe munthu adwala yekha. Impso za munthu zikalephera chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi, moyo wache utsamira pa makina osefa magazi, amene m'zipatala za Boma apezeka ku Kamuzu Central Hospital mu Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre. Wodwalayo ayenera kugona pa makinawo maora angapo, kawiri kapena katatu pa sabata, kufikira imfa yache. Makina ngochepa, odwala ngambiri, ndipo ndalama zoyendetsera zichokera ku msonkho wa ife tonse, thumba lomwelo logulira mankhwala a malungo a ana athu. Kunyumba nako mbuzi zigulitsidwa, mwana wamkazi asiya sukulu kuti adwazike atate wache. Amene anena kuti thupi ndi langa anena zoona pa tsiku la kudya. Koma pa tsiku la kudwala thupi lomwelo likhala la mkazi wache, la ana ache ndi la dziko. Ngati tonse tisenza mtembo, kodi tiribe mau pa chimene chinapha munthuyo?

Lachiwiri ndi ili: ufulu wa kusankha ukhala woona pokha pokha munthu akadziwa chimene asankha, ndipo akakhala nacho china choti asankhe. Wogula botolo la chakumwa chotsekemera saona kuti m'menemo muli shuga wokwana masipuni aang'ono 7 kapena kuposa. Koma wopanga adziwa bwino, pakuti anayeza yekha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madotolo a WHO alangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiyo sipuni yaing'ono imodzi. Koma mchere wa mu buledi, m'soseji ndi m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi, ndani wa ife anauthira ndi dzanja lache? Tikumbukirenso masacheti, mowa waukali uja wa m'timapepala ta pulasitiki, umene unali wotsika mtengo kotero kuti mwana wa sukulu anakhoza kuugula ndi ndalama ya mandasi, naubisa m'thumba la kabudula. Kodi mwana ameneyo anali kusankha mwaufulu? Iai, anali kukodwa monga mbalame pa ulimbo. M'chaka cha 2015 Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, ndipo m'chaka cha 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya za mowa. Nzoona kuti mowa waukali wotchipa sunathe, pakuti ogulitsa ena anangosintha chotengera. Koma chimenechi chitiphunzitsa kuti lamulo lifuna mlonda wosagona, osati kuti lamulolo linali lolakwa.

Ku South Africa, kumene ana athu ambiri apita kukafuna nchito, Boma linaika malire a mchere umene opanga akhoza kuthira mu buledi ndi m'zakudya zina za m'sitolo, ndipo lamulolo linayamba kugwira nchito m'chaka cha 2016. Mu April 2018 linaikanso msonkho pa shuga wa m'zakumwa za m'mabotolo, ndipo opanga ena anachepetsa shuga kuti alipire pang'ono. Palibe msilikali analowa m'khitchini ya munthu. Mai wa ku Johannesburg agula buledi lero monga anagulira kale, koma mchere umene adyetsa ana ache wachepa, iye osabvutika konse.

Lachitatu ndi ili: Boma linalowa kale m'mbale yathu, ndipo ife tinapindula. Achikulire akumbukira kuti kale m'midzi yambiri munali anthu otupa pakhosi ndi chithokomiro. M'zaka za m'ma 1990 kunaikidwa lamulo lakuti mchere wogulitsidwa m'dziko muno ukhale ndi ayodini, ndipo lero chithokomiro chachepa kwambiri. Kuyambira m'chaka cha 2012 shuga wa m'masitolo mwathu amathiridwa vitamini A, wothandiza maso ndi matupi a ana; ngakhale tichenjeze kuti shuga wa vitamini akhalabe shuga, ndipo wothira masipuni 4 m'kapu imodzi asayese kuti ali kumwa mankhwala. Khansa ya khomo la chiberekero ipha akazi ambiri m'Malawi, kotero kuti dziko lathu liwerengedwa pakati pa maiko osautsidwa nayo koposa. Imeneyi iyamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, ndipo mu January 2019 Boma linayamba kupereka katemera wache kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse. Mtsikana wolandira katemerayo lero sadzadziwa konse manda amene wawalambalala; umo ndimo ikhalira nchito yotchinjiriza, kuti opulumuka sadzidziwa, ndipo chifukwa chache wotchinjiriza sayamikidwa monga wochiza.

Tsono tikaika pamodzi mau a okana ndi mayankho athu, malire aoneka poyera. Lamulo liime pakhomo la wopanga ndi wogulitsa. M'nyumba ya munthu mulowe chiphunzitso. Boma liri ndi mphamvu yoyenera ya kuuza wopanga kuti, Usapitirire mchere wakuti. Lemba pabotolo m'Chichewa shuga amene wathiramo. Usagulitse mowa ndi ndudu kwa mwana. Usaitanire malonda ako pachipata cha sukulu. Lirinso ndi mangawa a kukonza mseu wokhala ndi njira ya oyenda pansi ndi a njinga, kuti munthu wochoka ku Old Town kunka ku City Centre asalimbane ndi galimoto. Koma liribe mphamvu ya kulanga nkhalamba chifukwa yathira mchere m'ndiwo zache. Lamulo labwino lizindikirika ndi zinthu zitatu: liyamba kumanga wamphamvu lisanakhudze wofoka, likatseka khomo limodzi litsegula lina, ndipo msonkho umene litola ubwerera kuchipatala, kumene anthu akhoza kuuona ndi maso.

Tifike tsopano pa nkhani yolemera koposa, ndiyo ya fodya, pakuti ambiri a owerenga athu ali ndi zigafa kuseri kwa nyumba. Lilongwe yemweyu anakula ndi fodya. M'zaka za m'ma 1920 Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anayamba kugawira anthu a m'chigawo chapakati mbeu ya fodya ndi kuwagula masamba, ndipo m'chaka cha 1926 Boma linakhazikitsa Native Tobacco Board. Kuyambira pamenepo fodya wafolera nyumba ndi malata, waphunzitsa ana, wabweretsa ndalama zakunja zimene dziko ligulira mafuta ndi mankhwala. Mabelo apitabe ku okushoni ku Kanengo chaka ndi chaka. Koma madotolo a dziko lonse abvomerezana kuti utsi wa fodya ubala khansa ya m'mapapo ndi ya pakhosi, nuononga mtima. Ngakhale wothyola masamba onyowa ndi mame amalowedwa ululu wache kudzera pakhungu, namva chizungulire ndi nseru. Maiko anapangana pangano la kuchepetsa kusuta m'chaka cha 2003. Malawi anakhala kunja zaka 20, nalowa m'chaka cha 2023.

Kodi tsono mlimi wa fodya ngwochimwa? Ife sitinena chomwecho. Iye sanasankha fodya chifukwa cha kuuma mtima, koma chifukwa fodya ndiye anali ndi msika, ndi ngongole ya feteleza, ndi galimoto yodzatenga mabelo. Koma sitikhozanso kunena kuti popeza fodya wathu asutidwa kutsidya kwa nyanja, mapapo a anthu akutaliwo satikhudza. Munthu sakhala wosalakwa chifukwa muvi wache wagwera kumene iye saona. Mangawa akuru ali pa Boma ndi pa ogula, ndipo pangano lomwelo linena kuti alimi athandizidwe kupeza zina zolima. Wouza mlimi kuti leka fodya, ayambe wamuonetsa kumene akagulitse soya, mtedza ndi nandolo wache pa mtengo wodziwika. Kutseka chigafa osatsegula msika ndiko kuchiza mapapo a mlendo ndi njala ya mwana wa mwini mudzi, ndipo chimenecho si chilungamo.

Palinso nchito ina imene Boma lokha likhoza kuichita, ndiyo kufikitsa muyeso ndi mankhwala pafupi ndi anthu. Njira yache tiidziwa kale. M'chaka cha 2004 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV kwaulere, ndipo anthu amene tinali titawalira ali moyo anadzuka, nabwerera kumunda, chifukwa panali kaundula, tsiku lobwerera kuchipatala, ndi mankhwala osasowa. Ku Neno, m'chaka cha 2015, a zaumoyo a Boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anayamba kuonera pamodzi odwala HIV, a shuga, a magazi othamanga, a khunyu ndi a mphumu, tsiku limodzi, pakhomo limodzi, m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Chimene chinatheka m'mapiri a Neno sichingakanike m'zigwa za Lilongwe. Chida choyezera kuthamanga kwa magazi nchaching'ono, cholowa m'chikwama cha mlangizi; mibulu yotsitsa magazi njotchipa poyerekeza ndi tsiku limodzi la pa makina a impso. Dziko losauka ndilo liyenera koposa kutchinga madzi ali m'nkhongono, pakuti liribe chuma cha kuwolokera akafika m'khosi.

Koma tisatuluke m'bwalo lino tiri kuloza Boma lokha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbali ina ya dengali njathu. Tazolowera kuyamikira munthu wonenepa kuti zinthu zikumuyendera, ndipo m'zaka zija za Edzi tinaphunzira kuopa kuonda, kotero kuti mai wofuna kuchepetsa thupi aopa miseche ya kuchitsime. Tayamba kunyoza mgaiwa, bonongwe, chisoso ndi nkhwani wotendera kuti nzakudya za amphawi, pamene a ku Area 15 ena, atalangizidwa ndi dotolo, atumiza anyamata ao kumsika kukafuna zomwezo. Paukwati tiyesa ulemu wa banja ndi makireti a zakumwa. Ndipo munthu akagwa nafa ziwalo, msanga tifunafuna mfiti, tinamizira nkhalamba yosalakwa, pamene wakupha weniweni anali m'mitsempha yache zaka khumi, ndipo akanaoneka pa muyeso wa mphindi ziwiri.

Chifukwa chache, abale, tichite izi. Ali yense wamkulu, makamaka wopitirira zaka 40, apemphe kuyezedwa magazi akapita kuchipatala, angakhale sakumva kuwawa. Amene anapatsidwa mibulu asaleke kumwa poona kuti wapeza bwino, pakuti kupeza bwinoko ndiyo nchito ya mibuluyo. Amai apite kukayezetsa khomo la chiberekero, nalole atsikana ao kulandira katemera. Mafumu akhale pansi ndi anthu ao, napangane za maora a mowa ndi za kugulitsa kachasu kwa ana, monga apangana za manda ndi za dambo. Ndipo aphungu ndi makhansala akadza kudzapempha mavoti, tisawafunse za feteleza yekha. Tiwafunsenso ngati pachipatala chathu pali choyezera magazi, ngati mankhwala a shuga afika mwezi uli wonse, ndi kumene ipita misonkho ya mowa ndi ya ndudu.

Tsono yankho lathu pa funso lija nlakuti inde, Boma liri ndi mau pa mbale yathu, monga mwini mbumba ali ndi mau pa nkhokwe ya mlongo wache: osati kuti aiphwasule, kapena kuwerenga zitsononkho zache, koma kuti aone ngati chiswe chalowa pansi, nachenjeze nyengo ya njala isanafike. Mau amenewo likawanena moona, kwa wamphamvu poyamba, ndi molemekeza osauka, tiyenera kuwamvera. Likakhala chete poopa ogulitsa, tiyenera kulidzutsa.